Khutba ya Ijumaa: Tulo Togula ndi Thupi Lomwe Tidasungitsidwa

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Mtendere ndi madalitso zikhale kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, muopeni Allah pa matupi anu. Mu Surat Ar-Rum, ndime ya 23, tulo tawerengedwa pakati pa zizindikiro za Allah, ndipo Surat An-Naba ikutikumbutsa kuti tulo tidaikidwa kuti tikhale mpumulo wathu. Komatu ambiri mwa ife masiku ano tulo timachita kugula. Usiku ukatitalikira timapita kusitolo ya mankhwala kapena pamsika, n'kutenga Clorfeniramina kapena Prometazina popanda chikalata cha dokotala.

Mapiritsi amenewa ntchito yake yeniyeni ndi kuchepetsa chimfine, kuyabwa kwa khungu kapena nseru. Kuwodzera ndi chotsatira chabe. Akamwedwa usiku uliwonse, thupi limawazolowera m'masiku ochepa, piritsi limodzi silikwananso, ndipo munthu amawonjezera lachiwiri. Nchifukwa chake akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti mankhwala ogonetsa a mtundu uwu asapitirire masabata awiri popanda kuonana ndi achipatala.

Amene amavutika nawo kwambiri ndi makolo athu okalamba. Mankhwalawa amaumitsa m'kamwa, amadzimbiritsa, amasokoneza mutu, ndipo kwa abambo achikulire amatha kutseka mkodzo. Gogo wadzuka pakati pa usiku kupita kuchimbudzi mutu ukuzungulira, wagwa, wathyoka fupa la m'chiuno, ndipo ife timati ndi ukalamba, osafunsa chimene adamwa madzulo. Kafukufuku wa ku Seattle, ku America, wofalitsidwa mu 2015, adapeza kuti okalamba omwe adamwa kwa zaka zambiri mankhwala a gulu limeneli ankapezeka kwambiri ndi matenda a kuiwala. Sadatsimikize kuti mapiritsiwo ndiwo adayambitsa matendawo, koma wanzeru sayembekezera kuti umboni ukaonekere pa mayi ake.

Ndipo mphamvu ya piritsi siitha tambala akalira. Woyendetsa chapa amene wanyamula miyoyo ya anthu, msodzi wa ku Metangula amene walowa panyanja, onsewa akhoza kutuluka m'nyumba maso ali gwa koma ubongo ukadali mtulo. Nanga adhana ya Fajr, ndi angati mwa ife imatipitirira chifukwa cha tulo tomwe tadzigulira tokha?

Kwa alongo athu, ndi kwa abambo omwe amakagula: musampatse mwana mankhwalawa kuti asiye kulira. Prometazina ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana zaka 2, pakuti akhoza kumulepheretsa kupuma.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, sitikunena kuti kumwa mankhwala ndi tchimo. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) adatilamula kufunafuna chithandizo, ndipo adamuuza Abdullah ibn Amr, yemwe ankachezera kuswali usiku, kuti thupi lake nalonso lili ndi gawo lake loyenera kupatsidwa. Koma chithandizo chimayamba ndi kudziwa chimene chavuta. Kusowa tulo kawirikawiri kumakhala uthenga: shuga amene amadzutsa munthu kukakodza, ululu wa m'mafupa, kubanika pogona kwa amene amaliza kwambiri mkonono, ngongole, maliro, kapena nkhawa imene yakhazikika mumtima. Piritsi limatseka pakamwa mthengayo, matenda n'kumakula. Amene wasowa tulo kwa masabata angapo apite kuchipatala, atenge mapaketi a zonse zomwe akumwa. Amene adazolowera Diazepam, yemwe sayenera n'komwe kugulitsidwa popanda chikalata, asasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero kukhoza kumugwetsa ngati wakhunyu. Achipatala ndiwo amuchepetsere pang'onopang'ono.

Sunna nayo tisaiiwale. Mtumiki sankakonda kucheza pambuyo pa Isha, pomwe ife timafika pakati pa usiku maso ali pa foni, kapu ya tiyi ili pambali. Iye ankaphunzitsa kuchita wudhu, kugonera mbali ya kumanja, ndi kuwerenga Ayatul Kursi pamodzi ndi masura atatu omaliza a Qur'an. Ndipo m'bale wako akakuuza kuti sakugona, usathamangire kumupatsa piritsi lako. Khala naye pansi umve chimene chikumudya.

E, Allah! Chizani odwala athu, apepuzeni amene ngongole zawalemera, tonthozani ofedwa, ndipo mutidzutse ndi mphamvu pa nthawi ya Fajr. Amin.