Kodi Mudzathera Kuti Masiku a Ukalamba Wanu?

M'MAKOMBONI a Harare onga Mbare, Mufakose, ndi Mabvuku muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, ena a iwo m'nthaŵi ya Chitaganya cha 1953 kufikira 1963. Iwo anadzagwira ntchito ya njanji, ya m'mafakitale, ndi ya m'nyumba za azungu. Lerolino ana awo nawonso akupuma pantchito, ndipo ena amalakalaka kukamanga kanyumba m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, kapena ku Mangochi, kutali ndi chisanu cha mu June. Kodi Mkristu ayenera kuchiwona motani chikhumbo chotero?

2 Baibulo silimatsutsa kupuma pambuyo pa ntchito yakalavulagaga. (Mlaliki 5:18, 19) Barizilai, nkhalamba ya zaka 80, anakana pamene Mfumu Davide anamuitanira ku Yerusalemu. Iye anasankha kukafera m'mudzi mwake, pafupi ndi manda a atate ndi amake, ndipo Davide anamdalitsa. (2 Samueli 19:31-39) Chotero, kusamuka kapena kusasamuka ndiko chosankha chaumwini.

3 Komabe, Yesu anasonyeza kuti munthu wanzeru amayamba waŵerengera mtengo asanamange. (Luka 14:28) Kodi ndalama zapenshoni nzodalirika? Okalamba a mu Zimbabwe sanaiŵale chaka cha 2008, pamene kukwera kwa mitengo kunameza ndalama zimene anasunga kwa moyo wonse, kufikira dola ya dzikolo inasiyidwa mu 2009. Ndiponso, walira mvula walira matope. Kunyanja kuli chambo, komanso kuli malungo ndi likodzo, ndipo chipatala chingakhale kutali. Wobwerera pambuyo pa zaka makumi ambiri angapeze kuti munda wa makolo unagaŵidwa kalekale, ndi kuti omdziŵa anatha kumwalira. Nanga bwanji ponena za ana ndi adzukulu, olankhula Chishona, amene ali ndi thayo Lamalemba la kumsamalira?—1 Timoteo 5:4.

4 Chofunika koposa ndicho mkhalidwe wathu wauzimu. Munthu wachuma wa m'fanizo la Yesu analinganiza za kupuma, kudya, ndi kumwa kwa zaka zambiri, koma Mulungu sanali m'makonzedwe akewo. Usiku womwewo moyo wake unatha. (Luka 12:16-21) Motero dzifunseni kuti: 'Kodi kumene ndikupitako kuli mpingo umene ndingafikeko ndi miyendo yanga yokalambayi? Kodi ndidzakhala chilimbikitso kwa abale akumeneko? Kodi mkazi wanga, amene mwinamwake anabadwira kuno, akuvomereza ndi mtima wonse?' Kukakhalako miyezi ingapo musanagulitse nyumba, ndi kufunsira uphungu kwa Akristu okhwima maganizo, kungakupeŵetseni chisoni chachikulu.—Miyambo 15:22.

5 Abrahamu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75, ndipo anakhala m'mahema monga mlendo kufikira imfa yake, akumayembekezera mudzi womangidwa ndi Mulungu. (Genesis 12:4, Ahebri 11:9, 10) Kaya titsale mu Mufakose kapena tikakhale pagombe la nyanja ya Malaŵi, tiyenitu tikhale ndi chikhulupiriro chonga chake. Pamenepo, kulikonse kumene imvi zathu zidzatifikitsa, Yehova sadzatitaya.—Yesaya 46:4.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi chitsanzo cha Barizilai chimasonyezanji?

□ Kodi wofuna kusamuka ayenera kuŵerengera mtengo wotani?

□ Kodi nchifukwa ninji zinthu zauzimu ziyenera kukhala patsogolo?