Kodi Woola Phulusa Ayenera Kuyamikidwa?

M'midzi ya ku Mambwe, kuyambira kwa Jumbe kufikira kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu, muli nchito ina imene ichitika dzuwa lisanatuluke, ambiri ali chigonere. Mai wa pa nyumba, kapena mwana wake wamkazi, alowa m'khichini, nafukula makala amene anagona pansi pa phulusa, nawaika pambali. Ndipo aola phulusa lonse pakati pa mafuwa, nasesa, nakhazika bwino fuwa limene lapendeka. Makala a tsanya, mtengo umene ena autcha mupani, sazima msanga. Chifukwa chake phulusalo salitaya pafupi ndi udzu, koma pa malo ake, kapena lozizira alithira m'chimbudzi kuti lichepetse fungo ndi ntchentche. Pofika madzulo phulusa ladzalanso, monga ngati panalibe wosesa.

Tsono funso ndi ili: kodi nchito yotere, imene ifafanizika tsiku lomwelo, ili ndi mtengo wanji poilinganiza ndi nchito zooneka?

Njobvu zikalowa m'mudzi usiku kudzapasula nkhokwe, mwamuna amene adzuka ndi muuni, naomba chitini kufikira zitabwerera ku thengo, atamandidwa ndi onse m'mawa mwake, ndipo ayeneradi kutamandidwa, pakuti anaika moyo wake pa chiswe. Koma nkhokwe yomweyo ili ndi mdani wina amene salira ngati njobvu. Phulusa likaunjikana, mpweya sulowa pansi pa nkhuni. Moto ungofuka utsi, ana atsokomola, maso a wophika afiira, ndipo mwaye ulendewera ku denga. M'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kupitirira madigiri 40 ndi udzu wa pa denga uli gwaa, kamoto kamodzi kothetheka kakwanira kutentha khichini, ndi nkhokwe yoyandikana nayo, ndi chimanga cha mbeu chimene chinapachikidwa pa utsi. Amene athamangitsa njobvu aoneka chifukwa njobvu inaoneka. Amene aola phulusa ndi kugwetsa mwaye alibe chosonyeza, pakuti moto umene anauletsa sunayake konse. Apa ndipo pagona chinyengo cha mitima ya anthu: ayesa tsoka limene silinafike ngati tsoka limene silikadafika.

Wina adzati, Nchito imeneyi ilibe nzeru. Mwana aliyense aikhoza. Inde aikhoza lero, ndi mawa lomwe. Koma kuichita chaka chonse, pa malimwe ndi pa dzinja, popanda wonena kuti zikomo, ndicho chinthu chimene akulu ambiri sachikhoza. Kuvuta kwake sikuli m'manja ai, kuli m'kusaleka.

M'buku la Levitiko, mutu 6, nchito yochotsa phulusa pa guwa la nsembe yopsereza sinapatsidwa kwa kapolo kapena kwa mlendo, koma kwa wansembe mwini. Iye anayenera kuvala zovala zake za bafuta poola phulusalo, ndi kuvala zina polinyamula kunka nalo kunja kwa chigono, ku malo oyera, ndi kusonkha nkhuni m'mawa ndi m'mawa kuti moto usazime. Mafuwa a pa nyumba sali guwa la nsembe, ndipo sikuli bwino kukokera Malembo kumene sapita. Komatu chinthu chimodzi chioneka poyera: Mulungu sanayesa phulusa chinthu chonyazitsa mtumiki wake. Dzina la wansembe Leonard Kamungu, amene anamwalira ku Msoro m'chaka cha 1913, likumbukika kufikira lero, ndipo kuyenera kutero. Koma iyenso anadya chakudya chophikidwa pa moto umene unasamalidwa m'mawa uliwonse.

Ngati zili chomwecho, mlandu utsala pa mabanja. M'nyumba zambiri nchitoyi igwera msungwana yekha. Iye afika ku sukulu mochedwa, manja ali mbuu, pamene alongo ake anafika kale. Kumuyamika ndi pakamwa pokha, mtolo uli pamutu pake pomwe, ndiko kumnyenga. Ndipo bambo amene ati phulusa ndi la akazi aiwala kuti mbali ina ya nchitoyi ifuna msinkhu wake ndi mphamvu zake. Mvula isanagwe, mwaye wa pamwamba uyenera kugwetsedwa ndi tsache lomangidwa ku nsungwi. Udzu wofooka wa pa denga uyenera kuchotsedwa. Ndipo kumene kuli uvuni wa njerwa wophikira buledi ndi masikono, ming'alu yake iyenera kumatidwa ndi dothi la pa chulu, liume bwino moto usanasonkhedwenso. Dothilo ndi lolemera, ndipo chulu sichikhala pafupi masiku onse.