Nkhani Yoopsa Siyenda Yokha

Nkhani yaifupi yoopsa ili ndi vuto limene nkhani yaitali ilibe: payokha sigulitsika. Masamba 10 kapena 15 sangakwane buku loti munthu apisire m'thumba. Komatu mantha amagwira bwino akakhala aafupi. Palibe angawerenge masamba 400 thupi lili tsembwe. Mtima umazolowera, ndipo mzukwa umene waonekera kakhumi suopsanso. Motero nkhani imene imaopsa koposa ndi yomweyo imene imasowa pokhala. Kwa zaka zoposa 100 yakhala ikugona pawiri: m'magazini, ndi m'buku losonkhanitsa nkhani za alembi osiyanasiyana, lomwe muno ndilitcha mtolo wa nkhani. Magazini amawerengedwa sabata imodzi n'kutayidwa. Mtolo umakhalitsa. Ndipo ine ndikuti mtolo umaima kapena kugwa chifukwa cha munthu mmodzi amene owerenga ambiri samuganizira n'komwe, ndiye mkonzi wosankha nkhanizo.

H. P. Lovecraft, amene lero amatchulidwa paliponse pokamba za nkhani zoopsa, ankagulitsa nkhani zake ku Weird Tales, magazini ya ku America yomwe inayamba mu 1923 ndipo inkasindikizidwa pa mapepala otchipa, osachedwa kufumbwa. Nkhani yake yotchuka, "The Call of Cthulhu", inatuluka mmenemo mu 1928, ndipo anamulipira madola 165. Anamwalira mu 1937 ali mmphawi, nkhani zake zili mbwee m'magazini akale. Anzake awiri, August Derleth ndi Donald Wandrei, anazisonkhanitsa n'kupita nazo kumakampani akuluakulu osindikiza mabuku, koma anawakanira. Pamenepo anayambitsa kampani yawoyawo, Arkham House, m'katauni ka Sauk City ku Wisconsin, ndipo mu 1939 anatulutsa The Outsider and Others, makope 1,268 okha. Makope amenewo anatenga zaka pafupifupi zinayi kuti athe. Pa malonda, uku kunali kutaya ndalama. Koma pakanapanda khama la anthu awiriwa, dzina la Lovecraft likanafumbwa pamodzi ndi mapepala aja.

Chimene chimandigwira mtima pa Derleth n'china. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kamnyamata ka ku Liverpool, Ramsey Campbell, kanamutumizira nkhani zotsanzira Lovecraft, zochitikira m'matauni a ku Massachusetts kumene iko kanali kasanapondeko. Derleth sanazitaye, ndiponso sanazisindikize mmene zinalili. Anamulangiza kuti asamutsire nkhanizo kwawo ku England, alembe za malo amene angawaone ndi maso ake. Mnyamatayo anamvera. Mu 1962, ali ndi zaka 16, nkhani yake yoyamba inatuluka mu mtolo wa Derleth wotchedwa Dark Mind, Dark Heart, pambali pa alembi odziwika kale. Patapita zaka ziwiri buku lakelake linatuluka, ndipo lero Campbell ndi mmodzi mwa akuluakulu a nkhani zoopsa ku Britain. Ntchito ya mkonzi ndi imeneyo: kuona mbewu m'nkhani yosapsa, kumuuza mlembi zoona, kenaka kumukhazika pakati pa akuluakulu kuti owerenga amene abwera kudzafuna dzina lodziwika akumane nayenso. Derleth anali ndi zolakwa zake, ndipo ambiri amamudandaula kuti anapotoza maganizo a Lovecraft m'nkhani zimene anawonjezera yekha. Koma pa mnyamata wa ku Liverpool uja anachita zoyenera.

Ena anganene kuti zonsezi n'zabwino pakamwa, koma buku limagulidwa chifukwa cha chikuto, ndipo chikuto chogulitsa ndi chamagazi. Anthu amenewa ali ndi umboni wawo, ndipo si wopepuka. The Pan Book of Horror Stories inayamba kutuluka ku London mu 1959, mkonzi wake ali Herbert van Thal. Anali mabuku achikuto chofewa, otchipa, okwana m'thumba la jekete, opezeka m'masitolo a nyuzipepala ndi m'masiteshoni a sitima. Pachikuto pankakhala zigaza, mitu yodulidwa, maso otong'oka. Anagulidwa kwabasi, ndipo ana asukulu ankabwerekana mobisa. Mitoloyi inafika 30, womaliza mu 1989. Palibe mkonzi angaone zimenezo osasirira.

Koma tsegulani mitolo yoyambirira, muilinganize ndi yakumapeto. Yoyamba inkasakaniza nkhani zakale zolembedwa mwaluso ndi zatsopano. M'kupita kwa zaka, chikuto chinayamba kulamulira za m'kati. Nkhani zambiri zinasanduka mpikisano wa nkhanza: kuduladula ziwalo, kuzunza akazi, kufotokoza mabala mwatsatanetsatane. Zoterozo zimanyansa, koma siziopsa, pakuti mseru ndi mantha n'zosiyana. Mseru umatha ukatseka buku, pomwe mantha enieni amakutsata mpaka kuchipinda n'kukukaniza kuzimitsa nyale. Ndiponso nkhanza zimafuna kuwonjezera chaka ndi chaka, popeza zimene zinadzidzimutsa chaka chatha, chaka chino zazolowereka. Van Thal anamwalira mu 1983, Clarence Paget n'kupitiriza, koma owerenga anali atayamba kale kucheuka kwina. Sindikunena kuti magazi okha ndiwo anapha mitolo ya Pan. Msika wonse wa mabuku oopsa unali ukulowa pansi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Chomwe ndikunena n'chakuti mtolo umene walonjeza magazi umakhala kapolo wa lonjezo lakelo.

Kirby McCauley anadzera njira ina. Iye anali woimira alembi pa zamalonda, ndipo mmodzi mwa alembi akewo anali Stephen King. Mu 1980 anatulutsa Dark Forces, mtolo wa nkhani zatsopano zokhazokha, zimene anachita kukapempha kwa eni ake. Mmenemo munali "The Mist" ya King, imene inadzakhala kanema mu 2007. Munalinso Ray Bradbury, Joyce Carol Oates, ndi Isaac Bashevis Singer, amene anali atangolandira mphoto ya Nobel mu 1978. Dzina la King ndilo linakokera ogula, palibe angatsutse. Koma McCauley anagwiritsa ntchito dzinalo kuti anene chinthu: nkhani yoopsa si ya ana opulupudza okha, angailembe ndi mlembi amene dziko lonse limamulemekeza. Wogula bukulo chifukwa cha King ankatuluka atadziwa alembi ena oposa 20. Kutsatsa kwabwino n'koteroko, dzina lalikulu kunyamula ang'onoang'ono, osati kuwaphimba.

Pakapita nthawi, dzina la mkonzi limasanduka chokopa chokha. Ellen Datlow wa ku New York wakhala akusankha nkhani zoopsa zopambana za chaka chilichonse kuyambira mu 1988, poyamba mothandizana ndi Terri Windling, ndipo kuyambira mu 2009 payekha m'mitolo ya The Best Horror of the Year. Alipo owerenga amene amagula osayang'ana mndandanda wa alembi, chifukwa chongokhulupirira diso la mayiyu. Chikhulupiriro chotere sichigulidwa ndi zikwangwani. Chimabwera chifukwa chokana nkhani zofooka, ngakhale zikhale za abwenzi, chaka ndi chaka.

Za malipiro ndinene mwachidule. Pali mitolo yambiri lero imene imauza mlembi kuti ndalama palibe, koma dzina lake lidziwika. Ina imafika pomulipiritsa mlembiyo, kapena kumukakamiza kugula makope. Mtolo wotere ogula ake amakhala alembi omwewo ndi abale awo, ndipo mkonzi sangakane nkhani ya munthu amene wamupatsa ndalama. Bungwe la alembi a nkhani za sayansi ndi zodabwitsa ku America, SFWA, linaika mu 2019 masenti 8 pa liwu lililonse ngati malipiro a mlembi waluso. Si aliyense angafike pamenepo. Koma ngakhale kangachepe, kakhale kolembedwa pa pepala, ndipo pepalalo linene kuti pakatha nthawi yakuti nkhani ibwerera kwa mwini wake.

Njira yotsatsira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yakale kuposa zonse: kuwerenga mokweza. M. R. James, mphunzitsi wa ku King's College ku Cambridge, ankalemba nkhani za mizukwa kuti aziwerengera anzake usiku nyengo ya Khirisimasi, ndipo ndi zomwezo zinadzatuluka m'buku lake la mu 1904. Masiku ano mapulogalamu omvera pa intaneti monga Pseudopod, imene inayamba mu 2006, amachita zomwezo kwa anthu zikwizikwi. Nkhani yoopsa imafuna mawu a munthu, kupuma kwake, pamene wadukiza. Womva nkhani imodzi n'kuzizidwa nayo ndiye amakafunsa kuti zinazo zili m'buku liti.

Mitolo ya nkhani zoopsa za mu Africa muno nayo yayamba kuoneka. Mu 2015 kampani yaing'ono ya ku Britain, Fox Spirit Books, inatulutsa African Monsters, wokonzedwa ndi Margrét Helgadóttir ndi Jo Thomas, momwe alembi monga Nnedi Okorafor ndi Dilman Dila analemba za zilombo za m'miyambo ya kwawo. Nuzo Onoh wa ku Nigeria anatulutsa The Reluctant Dead mu 2014, nkhani za mizimu ya Aigbo imene yakana kugona. Magazini ya Omenana inayamba chaka chomwecho. Kwathu kuno, Shadreck Chikoti anasonyeza kuti n'zotheka pamene kampani yake ya ku Lilongwe inatulutsa Imagine Africa 500, wokonzedwa ndi Billy Kahora wa ku Kenya. Zimenezo zinali nkhani za m'tsogolo, osati zoopsa, koma njira yake ndi yomweyo: kuphunzitsa alembi, kusankha, kuwaika pamodzi ndi anzawo a m'maiko ena. Zonsezi zili m'Chingerezi. M'Chichewa, osindikiza athu maso awo ali pa mabuku olowa pa silabasi, chifukwa ndiwo ali ndi ogula otsimikizika. Komabe omvera alipo kale. Aliyense amene anakulira pafupi ndi wayilesi akudziwa mmene anthu amatchera khutu ku Nkhani za m'Maboma pa MBC ikafika nkhani ya lichero logwa usiku, kapena ya munthu amene anaikidwa m'manda koma waoneka akugwira ntchito m'munda wa wina.

Apa mpamene pali funso lolemera, ndipo sindifuna kulilambalala. Ku London, wowerenga nkhani ya mfiti amatseka buku n'kukagona. Kuno mantha amapha. Mu Januwale 2016 ku Neno, agogo anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayaka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu Blantyre. Anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma kutchulako sikunathe. Anzathu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa. Munthu wanzeru angafunse: m'dziko lotere, kusonkhanitsa nkhani zoopsa si kuthira palafini pamoto?

Kungakhale kutero, mkonzi akagona. Nkhani imene pamapeto pake imatsimikiza kuti gogo wamaso ofiira uja analidi mfiti, ndipo mudzi unapuma atafa, imeneyo ndi mphekesera yovala chikuto. Koma kuletsa mtundu wonse sikuchotsa mantha m'mitima. Mantha alipo kale, akuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook popanda wowafunsa mafunso. Chimene nkhani yolembedwa bwino imatha, chomwe mphekesera singathe, ndicho kusankha kumene mantha aloze. Mu Juni 1948, The New Yorker inasindikiza "The Lottery" ya Shirley Jackson. Mulibe mzukwa kapena chilombo. Muli mudzi wa anthu wamba, odziwana mayina, amene chaka chilichonse amachita maere n'kugenda ndi miyala amene maere amugwera, popeza mwambo umatero. Owerenga anakwiya, makalata mazanamazana anafika ku ofesi ya magaziniyo, ena analeka kuigula. Kenaka akonzi a mitolo anaitola, ndipo yasindikizidwa mobwerezabwereza kufikira lero, mpaka kuwerengedwa m'masukulu. Aliyense amene anamva za ku Neno sangaiwerenge ngati nkhani ya kutali.

Sindikuti mtolo wa m'Chichewa ukhale wopanda ndondocha, afisi oyenda ndi anthu pamsana kapena kadzidzi wolira padenga. Zimenezo n'zathu, ndipo mlembi amene angazisiye n'kukabwereka nyumba zachifumu za ku Transylvania akufunika malangizo amene Campbell analandira. Sindikutinso nkhani iliyonse ikhale ndi phunziro. Nkhani yoopsa ikayamba kulalikira imafa. Koma tiyerekeze kuti pa tebulo la mkonzi pafika nkhani ziwiri. Yoyamba ikufotokoza mwaluso mmene nkhalamba ina inkatambira, mpaka anyamata a m'mudzi anaithana nayo. Yachiwiri ikusimbidwa ndi nkhalambayo, ili m'nyumba mwake usiku, ikumva mapazi ambiri akuyandikira, ndipo pakati pa mawu amene akuitana dzina lake ikuzindikira a mdzukulu amene inamulera yokha. Yoyambayo ndingaibweze kwa mwini wake ndi kalata yaitali yofotokoza chifukwa chake, ndi kumupempha kuti atumizenso ina. Yachiwiriyo ndingatsegulire nayo buku, ndipo ndi imene ndingapite nayo kuwayilesi kuti ikawerengedwe usiku.