Pamene Mtumiki wa Mulungu Achita Tondovi

MNENERI Eliya anali atangoona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli. Komabe, atamva chiwopsezo cha Mfumukazi Yezebeli, iye anathaŵira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, naloŵa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi. Atakhala pansi pa mtengo, anapempha kuti afe. (1 Mafumu 19:1-4) Kodi munthu wachikhulupiriro angafike pamkhalidwe wotero motani?

Funsolo limavutitsa mabanja ambiri lerolino. Mu 2023, World Health Organization inayerekezera kuti anthu pafupifupi mamiliyoni 280 anali ochita tondovi, akazi akumaposa amuna. Tondovi wotero amasiyana ndi chisoni cha masiku oŵerengeka. Madokotala amamzindikira pamene kupsinjika mtima kapena kusakondweranso ndi zinthu kwapitiriza pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iŵiri kapena kuposapo, kaŵirikaŵiri limodzi ndi kusoŵa tulo, kusafuna chakudya, kutopa, ndi kudziona kukhala wopanda pake.

Kodi Ndi Chilango cha Tchimo?

Ena amanena kuti wodwalayo ali ndi tchimo lobisika kapena kuti sapemphera mokwanira. Enanso amafulumira kutchula ufiti ndi ziŵanda. Lingaliro loyambalo nlakale kwambiri. Elifazi, Bilidadi, ndi Zofari anachita bwino pamene anakhala chete ndi Yobu masiku 7. Atatsegula pakamwa, anaumirira kuti tsoka lake linali umboni wa kulakwa kwake, ndipo potsirizira pake Mulungu anawadzudzula. (Yobu 2:13, 42:7) Ngakhale Eli, mkulu wa ansembe, anayesa Hana woledzera pamene mkaziyo anali kupemphera ndi mtima woŵaŵa.—1 Samueli 1:12-16.

Nzoona kuti chikumbumtima choipa chingalemetse mtima, monga momwe Davide anasonyezera m'Salmo 32. Koma vuto lili apa: tondovi iyemwini amabala liwongo lopanda maziko. Chotero, kuuza munthu wotero kufunafuna tchimo lake kuli ngati kuwonjezera nkhuni pamoto umene ukumtentha kale.

Mmene Mulungu anachitira ndi Eliya nzophunzitsa. Sanayambe ndi chidzudzulo. Anamlola kugona, ndipo kaŵiri konse mngelo anamdzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Ku Horebe, Mulungu anamfunsa chimene anali kuchita kumeneko namlola kutulutsa madandaulo ake onse, ngakhale kuwabwereza. Pambuyo pake mpamene anawongolera kalingaliridwe kake. Eliya anadziyesa wotsala yekha, pamene kwenikweni panali 7,000 amene sanagwadire Baala. Ndiyeno anampatsa ntchito yoti achite, ndi mnzake, Elisa. (1 Mafumu 19:5-21) Thupi lotopa linasamaliridwa choyamba.

Kusiyana kwa Malingaliro pa Mankhwala

Akatswiri a zamankhwala nawonso samvana pazonse. Mankhwala oyambirira a tondovi, onga imipramine, anatulukiridwa m'ma 1950, ndipo fluoxetine anavomerezedwa ku United States mu 1987. Kwa zaka zambiri odwala anali kuuzidwa kuti chochititsa chinali kupereŵera kwa serotonin mu ubongo. Mu 2022, Joanna Moncrieff ndi anzake anapenda umboni umene unalipo nagamula kuti sunachirikize mafotokozedwe amenewo, ngakhale kuti akatswiri ena anatsutsa kapendedwe kawo. Kodi zimenezo zikutanthauza kuti mankhwalawo ngachabe? Iyayi. Kupenda kwa mu 2018 kofalitsidwa mu The Lancet, kophatikiza kufufuza kosiyanasiyana 522, kunapeza kuti mitundu yonse 21 ya mankhwala imene inapendedwa inathandiza kuposa mapilisi opanda mankhwala, ngakhale kuti kusiyanako sikunali kwakukulu nthaŵi zonse. Mankhwala angathandize ngakhale pamene kagwiridwe kake ka ntchito sikanamvetsetsedwe mokwanira.

Ena amadalira kwambiri kukambitsirana. M'ma 1960, Aaron Beck anayambitsa njira yothandiza odwala kuzindikira malingaliro opotoka ndi kuwayesa ngati ali oona. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa antchito wamba a zaumoyo, ambiri a iwo agogo aakazi, kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amatcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopambanitsa. Lipoti la mu 2016 linasonyeza kuti patapita miyezi 6, pafupifupi 14 peresenti ya othandizidwa motero anali akali ndi zizindikiro za tondovi, poyerekezera ndi 50 peresenti ya olandira chisamaliro cha nthaŵi zonse.

Malemba samaletsa kufuna chithandizo. Yesu anavomereza kuti odwala amafunikira sing'anga, ndipo Luka, mnzake wa Paulo, anali sing'anga. (Luka 5:31, Akolose 4:14) Kupimidwa nkwanzeru, popeza kuti matenda a chithokomiro kapena kusintha kwa m'thupi pambuyo pa kubala mwana kungakhale kumbuyo kwa vutolo. Chosankha ncha wodwalayo mothandizidwa ndi dokotala wake. Wokhulupirira mnzake amene amamuuza kutaya mapilisi monga umboni wa chikhulupiriro amasenza thayo lalikulu, pakuti kuleka mankhwalawa mwadzidzidzi kungadwalitse munthu ndi kubwezeretsa nthendayo.

Nanga achibale ndi a mumpingo? Miyambo 25:20 imayerekezera woimbira nyimbo munthu wa mtima wosweka ndi wovula mnzake malaya tsiku lozizira. Motero, kumuuza kungolimba mtima sikumthandiza kwenikweni. Paulo anasonyeza njira ina. Epafrodito atavutika mtima chifukwa Afilipi anamva za kudwala kwake, mtumwiyo anamtcha mbale ndi msilikali mnzake, nawalangiza kumlandira ndi ulemu. (Afilipi 2:25-30) Ngati wodwalayo atchula za kudzipha, mawuwo sayenera kuyesedwa nthabwala. Kumfunsa mosabisa sikumaika lingalirolo mumtima mwake. Sayenera kusiyidwa yekha. Mankhwala a makoswe ndi ophera tizilombo m'munda ayenera kuchotsedwa panyumba, ndipo ayenera kuperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo.