Foni Ikati "Thamangani Kuchipatala", Amunyamule Ndani?

Mu 2016 ndi 2017, akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku University College Cork ku Ireland anachita kafukufuku wotchedwa Supporting LIFE m'maboma a Rumphi ndi Nkhata Bay. Alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, anapatsidwa mafoni okhala ndi pulogalamu yowatsogolera poyeza ana osakwana zaka 5. Foni inkafunsa: mwana akuyamwa? Anakomoka? Akupuma kangati pa mphindi? Zizindikiro zikakhala zoopsa, inkanena kuti mwanayo apite kuchipatala msanga.

Ine zimenezi ndimaziyamikira. Munthu amatopa, amaiwala funso, nthawi zina amachita manyazi kuopseza mayi amene amapemphera naye limodzi. Foni ilibe manyazi. Koma pali funso limene limandisowetsa mtendere: kodi ndi chilungamo kumuuza munthu zoona zimene alibe mphamvu yochitapo kanthu?

Taganizirani mayi wa ku Usisya, phiri kumbuyo, nyanja kutsogolo. Wauzidwa kuti mwana ali pangozi. Wakabaza akufuna ndalama, kunyumba kwatsala ana ena, kumunda ntchito ikudikira. Akafika pa Mzuzu Central amasanduka gadiyani: kuphika pa nkhuni, kuchapa, kudyetsa wodwala, kugona mokhala. Foni yamaliza ntchito yake m'mphindi zochepa, yake ndiye yangoyamba kumene. Ndipo akalephera kupita, mwana n'kumwalira, amatsala ndi katundu amene kale analibe: "anandiuza, koma sindinapite."

Ndiye tizimubisa? Ayi ndithu. Kubisira mayi matenda a mwana wake ndi kumuyesa mwana nayenso, eti sangathe kusankha yekha. Ena akamva kuti zavuta amagulitsa nkhuku, amagogoda kwa aneba, mwana n'kupulumuka. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011, chimayenda pa mfundo yomweyi: munthu aimbe foni mwaulere, amve zoona ali pakhomo pake.

Vuto langa lili kwa ife otumiza uthengawo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tikafuna foni yodziwa kuti mwana achoke pamudzi lero, tavomeranso ambulansi, mafuta ake, msewu, ndi malo abwino ogona wodwazika. Kumuuza munthu kuti athamange ndi lonjezo lakuti kumene akupitako kuli thandizo, ndipo njira ilipo.

Anzanga amene mukuphunzira kupanga mapulogalamu kuno ku Mzuzu, pitirizani, tikukufunani. Koma poyesa ngati pulogalamu yanu yagwira ntchito, musamangowerenga ana amene atumizidwa. Funsaninso kuti anafika angati, anayenda bwanji, ndipo amene anawabereka kumbuyo anagulitsa chiyani kuti afike.