Phokoso limene ndinafufuta

Nyumba yachitatu kuchokera pamene ndimachita lendi kuno ku Chilinde kumakhala madala ena a ku Nsanje, mlonda. Loweruka masana amatulutsa valimba yawo: matabwa ondandalika, zipanda zolendewera kunsi, timitengo tiwiri ta mphira kunsonga. Tsiku lina ndinawapempha kuti ndiwajambule pa foni. Anangoseka. "Jambula mwanawe, nyimbo sikutha."

Usiku womwewo ndinaika mawuwo mu FL Studio. Ndinawadula, kuwakoka, kuwatsitsa mpaka thabwa limodzi linayamba kulira ngati besi. Koma panali kaphokoso kena konjenjemera, ngati sipika yong'ambika. Ndinakafufuta konse. Biti inatuluka yoyera, anzanga pa WhatsApp nkumati aise, iyi ndiye yakupha.

Nditakawamvetsa eni ake, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga mawu ake apita kuti?"

Anatembenuza chipanda chimodzi nkundionetsa kabowo komata ndi kapepala kopyapyala. Kumudzi, anatero, ankamatapo kachikopa kamene kangaude amakutira mazira ake. Kunjenjemera kuja si vuto ayi. Amachita kukufuna. Ine ndi digiri yangayi ndinali nditakonza chinthu chosawonongeka.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi ndinalakwa kusintha mawu a valimba? Ndikuona kuti ayi. Munthu woyamba kumata kachikopa pa chipanda ankachita zomwe ndimachita ine pa kompyuta: anamva kulira kwa thabwa, sikunamukwanire, nkukupotoza. Chikhalidwe chimene sitingachikhudze ndi chakufa kale.

Kulakwa kwanga kuli pena. Ndinasintha ndisanamvetse. Ndinapempha chilolezo chojambula, koma sindinafunse kuti mwa zonse ndikumvazi, chamtengo ndi chiti. Khutu langa linakulira pa mahedifoni, ndiye chilichonse chosafanana ndi nyimbo za pa YouTube linachiyesa dothi.

Timakonda kudandaula za Hugh Tracey, amene anazungulira Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba, nyimbozo nkukasungidwa ku International Library of African Music, yomwe lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Timati anatitengera zathu. Koma iye uja kunjenjemera anakusiya momwemo. Woyamba kukufufuta ndine, mwana wa pakhomo, nditakhala nyumba zitatu kuchokera pa mwini wake. Ndiye kukhala Mmalawi si chiphaso. Mlendo ndi aliyense amene safunsa.

Biti ija ndinaiyambanso. Besi ndinaisiya yopotoka momwemo, ndipo madala anaikonda, amvekere ikulira ngati ng'oma yaikulu. Phokoso ndinalibwezera, ndinalikweza kumene. Tinagwirizananso kuti dzina lawo lidzalembedwe, ndipo ikadzabweretsa kandalama tidzagawane.

Anzanga ena akuti tsopano ikumveka yakuda. Loweruka lino ndikupitanso, foni ili m'thumba. Akuti andiphunzitsa kagwiridwe ka timitengo kaye.