Mlandu wa Oonerera

Kodi munthu wokhala pansi ndi kuonerera sewero ali ndi mlandu pa zochitika pabwalo? Ambiri ayesa kuti alibe, pakuti ati, Ife tingopenya. Koma ife tinena kuti ali nawo, ndipo umboni wake uli pafupi, m'midzi ya ku Mzimba.

Taonani vimbuza, gule wa Atumbuka, amene bungwe la UNESCO linamuwerengera pa chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005. Za mizimu sitinena lero. Tinena za bwalo lokha. Wodwala alowa pakati, amuna aomba ng'oma, akazi ndi ana amzinga, naimba, naomba m'manja. Manja akalimba, wovina alimbanso. Akaleka, miyendo yake ilema. Pamenepo palibe wongopenya, onse agwira ntchito imodzi.

Momwemonso m'sewero. Wosewera, angakhale aoneka ngati waiwala anthu, khutu lake lili kwa iwo. Amva kuseka, amva kutsokomola kwa otopa, amva ndi kukhala chete komwe. Ndipo mtima wake ufuna kubwereza chimene chinakondweretsa khamu.

Tiyerekeze ana a sukulu ku Chikangawa, kumene moto uononga mitengo ya paini chaka ndi chaka. Akonza sewero lakuchenjeza otentha tchire. Mnyamata wina akhala wosaka mbewa, alowa ndi chikuni cha moto ali dzandidzandi, ndipo khamu liseka kolimba. Tsiku lachiwiri aonjeza nthabwala. Lachitatu wotentha tchire uja wasanduka ngwazi, ndipo mlonda wa nkhalango akatsegula pakamwa, anthu amkuwiza. Nkhani ili yomweyo, koma chiphunzitso chatembenuka. Anachitembenuza ndani? Si mwanayo yekha ai; ndife amene tinamlipira ndi kuseka kwathu.

Sitinena kuti kuseka ndiko tchimo. Kulipo kuseka kumene kuchititsa woipa manyazi, ndipo kumeneko ndi mankhwala. Koma tiyenera kudzifunsa, Kodi tiseka choipacho, kapena tikondwera nacho? Pakuti chimene tiombera m'manja lero, ana athu adzachichita mawa, poyamba pabwalo, pambuyo pake m'nkhalango.

Chifukwa chake wosewera asagulitse choonadi pofuna kutamandidwa. Ndipo ife oonerera tisunge manja athu monga tisunga lilime lathu, pakuti nawonso alankhula, ndipo ana amva.